MUTU 18: ZITHUNZI ZIMASUNGA MBIRI

Kodi kwanu kuli nyumba yakale imene ngakhale agogo anu adaipeza ilipo kale? M'madera ambiri a dziko lathu nyumba zakale koposa ndi matchalitchi, mizikiti, sukulu za mishoni ndi maofesi a boma. Tsiku ndi tsiku timadutsa pa nyumba zimenezi osaziyang'anitsitsa, chifukwa tidazizoloŵera. Timayesa kuti zidzakhalapo mpaka muyaya. Koma njerwa zimagumuka, chiswe chimadya matabwa, mphepo imasasula madenga, ndipo moto ulibe chisoni. Nyumba ikagwa, ana obadwa pambuyo pake sangadziŵe m'mene inkaonekera, pokhapokha ngati wina adaijambula.

Kujambula kuli paŵiri. Pali kujambula pamanja, ndi pensulo, makala kapena utoto. Palinso kujambula ndi kamera. Anthu ena amaphunzira luso limeneli ku sukulu zazikulu, nalisandutsa nchito yopezera ndalama. Koma ambiri mwa anthu amene adatisungira mbiri m'zithunzi sadali akatswiri otero ai. Ena adali ana asukulu, ena alimi, ena anthu a nchito zina amene ankajambula chifukwa chongokonda. Mu phunziro lino tiŵerenga za ena mwa iwo, ndiponso za nyumba ndi anthu amene adaŵajambula.

Tchalitchi chimene chidatsala pa pepala

Pa Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, padali tchalitchi chachikulu cha njerwa. Amene adatsogolera nchito yochimanga adali mbusa John Chilembwe. Iyeyu adapita ku America m'chaka cha 1897 kukaphunzira, ndipo atabwerako m'chaka cha 1900 adayambitsa mishoni yotchedwa Providence Industrial Mission. Akhristu a pamishonipo adagwira nchito yomanga tchalitchicho kwa zaka zingapo, mpaka chidatha m'chaka cha 1913. Anthu ankachinyadira kwambiri, popeza chidali cha mishoni yoyendetsedwa ndi anthu akuda.

Tchalitchicho sichidakhalitse. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe ndi anthu ake adaukira boma la atsamunda, chifukwa chodandaula ndi thangata, misonkho, ndiponso kutengedwa kwa anthu akuda kupita ku nkhondo ya Azungu. Patangopita masiku ochepa asilikali a boma adafika pa Mbombwe, nachigumula tchalitchi chija ndi zophulitsira. Chilembwe naye adaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Tchalitchi chimene chili pa Mbombwe lero ndi china. Chidamangidwa pambuyo pake, Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo m'chaka cha 1926.

Nanga tsono timadziŵa bwanji maonekedwe a tchalitchi choyamba chija? Timadziŵa chifukwa chidajambulidwa ndi kamera chisadagwe. Makoma adagwa, koma zithunzi zidatsala, ndipo mpaka lero zimasindikizidwa m'mabuku a mbiri ya dziko lathu.

Nkhope ya Chilembwe yemweyo timaidziŵanso chifukwa cha zithunzi. Mmodzi mwa anthu amene adamjambula iye pamodzi ndi banja lake adali Mungo Murray Chisuse wa ku mishoni ya Blantyre. Nchito yeniyeni ya Chisuse idali yosindikiza mabuku, ndipo adapitako ku Scotland kukaonjezera luso lake pa nchitoyo. Kujambula adakuphunzira pambali. Iyeyu ndi mmodzi mwa Amalaŵi oyambirira kugwiritsa nchito kamera.

Kamera za masiku amenewo sizidali ngati za lero. Zidali mabokosi akuluakulu oima pa miyendo itatu. Wojambula ankadzifunda nsalu yakuda kumutu kuti aone bwino, ndipo wojambulidwa ankayenera kukhala duu, osagwedezeka. Chithunzi chimodzi chinkafuna nthaŵi ndi khama. Pa nthaŵi imeneyo padalibe munthu amene akadadziŵa kuti tsiku lina nkhope ya mbusa wa ku Mbombwe idzaoneka pa ndalama za dziko la Malaŵi.

Kuona maso a nkhono nkudekha

Mu mzinda wa Blantyre muli tchalitchi chakale chimene chikadalipobe, ndipo anthu ambiri amakonda kuchijambula. Dzina lake ndi St Michael and All Angels. Mishoni ya Blantyre idayambika m'chaka cha 1876, ndipo amishoni ochokera ku Scotland adaitcha dzinali pokumbukira mudzi umene David Livingstone adabadwirako. Tchalitchichi adayamba kuchimanga m'chaka cha 1888, nachitsegula pa 10 Meyi 1891.

Chodabwitsa nchakuti mbusa David Clement Scott, amene adalinganiza kamangidwe kake, sadaphunzirepo nchito yolemba mapulani a nyumba. Nawonso amisiri ake adali anthu a konkuno amene adali asadamangepo nyumba yotere. Njerwa adaziumbira pomwepo ndi dothi la konkuno, naziotcha ndi nkhuni. Adasema zikombole zamatabwa zosiyanasiyana, kotero kuti njerwa zidatuluka zamitundu yambiri. Asadaike matope, ankayamba ayala njerwazo zokhazokha kuti aone m'mene zikhalire. Akakhutira, ndipo pamene ankamanga.

Munthu wodutsa pa basi amangoona tchalitchi chofiira, basi. Koma munthu amene wakhala pansi ndi pensulo m'manja amaona zambiri. Amaona kuti nsanja ziŵiri za kumaso kwa tchalitchicho nzosafanana. Amaona kuti mbali zina za denga nzozungulira ngati mbale yovundikira. Amaona m'mene njerwa zidapindikira pamwamba pa makomo ndi mazenera, njerwa iliyonse itatsamira inzake kuti isagwe. Pofuna kujambula zenera amayenera kuŵerenga mizere ya njerwa, ndipo poŵerengapo amayamba kuganizira manja amene adaziyala. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Kujambula kumatiphunzitsa kudekha kotereku.

Oyera mtima ndi zizindikiro zao

Matchalitchi ambiri, makamaka a mipingo ya Katolika ndi Angilikani, amatchedwa maina a oyera mtima. Oyera mtima ndi anthu amene mipingoyo imaŵakumbukira chifukwa cha moyo wao wabwino, kapena chifukwa adafera chikhulupiriro chao. Ambiri a iwo adakhala ndi moyo kalekale, kamera isadapangidwe. Kamera idayamba kufala m'chaka cha 1839, pamene atumwi monga Petro ndi Paulo adamwalira zaka pafupifupi 1,800 m'mbuyo mwake. Palibe amene akudziŵa bwino nkhope zao.

Tsono ojambula adapeza nzeru. Woyera mtima aliyense adampatsa chizindikiro chake, kuti ngakhale munthu wosadziŵa kuŵerenga amzindikire. Petro amamjambula atanyamula makiyi. Paulo amanyamula lupanga ndi buku. Andrea amakhala ndi mtanda wopingasa ngati chilembo cha X. Marko amakhala ndi mkango, Luka ng'ombe, Yohane chiombankhanga. Mikaeli, amene dzina lake lidapatsidwa ku tchalitchi cha ku Blantyre chija, ndi mngelo, ndipo amamjambula ali ndi mapiko ndi lupanga, akuponda chinjoka. Mukadziŵa zizindikirozi mungathe kuŵerenga zithunzi za pa mazenera ndi pa makoma monga m'mene mumaŵerengera buku.

Pa chilumba cha Likoma, pa nyanja ya Malaŵi, pali tchalitchi chachikulu cha Angilikani chotchedwa St Peter's. Mwala wake wa maziko udaikidwa m'chaka cha 1903, ndipo tchalitchicho chidadalitsidwa m'chaka cha 1911. Chidamangidwa mofanana ndi mtanda, pa malo otchedwa Chipyela, pamene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa za ufiti. M'katimo muli mazenera a magalasi amitundumitundu, ndi zosemasema za pa miyala yofeŵa. Dzina la Petro lidakhala bwino pamenepa, chifukwa Petro adali msodzi, monga aliri anthu ambiri a pa Likoma. Mwana wa pachilumbapo akafuna kujambula Petro savutika kudziŵa m'mene msodzi amakokera khoka.

Muno mu Africa mulinso oyera mtima. Pa 3 Juni 1886 gulu la anyamata ndi amuna achikhristu lidatenthedwa pa malo otchedwa Namugongo, molamulidwa ndi mfumu Mwanga ya ku Buganda, m'dziko la Uganda. Mtsogoleri wa Akatolika mwa iwo adali Charles Lwanga, ndipo wamng'ono pa onse adali Kizito, mnyamata wa zaka ngati 14. M'chaka cha 1964 Papa Paul VI adalengeza kuti anthu 22 mwa amene adaphedwa m'zaka zimenezo ndi oyera mtima. Matchalitchi ndi sukulu zina m'Malaŵi muno zimatchedwa maina ao. Pa zithunzi zao kaŵirikaŵiri pamakhala malaŵi a moto, ndipo Kizito amazindikirika msanga chifukwa cha kuchepa msinkhu.

Ana asukulu a ku Cyrene

Tiyeni tsopano tipite ku Zimbabwe, dziko limene kale linkatchedwa Southern Rhodesia, tikaone zimene ana asukulu adachita. Kufupi ndi mzinda wa Bulawayo kuli mishoni ya Angilikani yotchedwa Cyrene. Dzinali likukumbutsa Simoni wa ku Kurene, munthu wochokera kumpoto kwa Africa amene Baibulo limati adasenza mtanda wa Yesu. Wansembe wina dzina lake Edward Paterson ndiye adayambitsa mishoniyo m'chaka cha 1939, ndipo chaka chotsatira sukulu ya anyamata idatsegulidwa.

Pa sukuluyo anyamata ankaphunzira ulimi, ukalipentala ndi kumanga, koma aliyense ankaphunziranso kujambula. Paterson sankaŵapatsa zithunzi za ku Ulaya kuti azitsanzira. Ankaŵauza kuti ajambule zimene akuzidziŵa, ndiponso kuti adzaze pepala lonse osasiya malo. Motero anyamatawo adajambula miyala ikuluikulu ya kwao, mitengo, mbalame, ng'ombe ndi midzi. Akamajambula nkhani ya m'Baibulo ankaiika pakati pa zinthu zomwezi, ndipo anthu ake ankakhala akuda monga iwo omwe.

Pambuyo pake anyamatawo adaloledwa kujambula pa makoma a tchalitchi cha pasukulupo, m'kati ndi kunja komwe. Adajambulapo mafanizo a m'Baibulo, oyera mtima, ndi Akhristu a mu Africa amene adafera chikhulupiriro chao. Mmodzi mwa anyamata aluso koposa adali Sam Songo. Iyeyu adali wolumala kwambiri, koma kulumalako sikudamletse kujambula ndi kusema, mpaka adatchuka kutali.

Zithunzi za ku Cyrene sizidathere pasukulu pomwepo. M'chaka cha 1949 zidaonetsedwa ku London, ndipo anthu ambiri adazizwa kumva kuti ojambula ake adali ana asukulu. Zina mwa zithunzizo zidatsalira konko, zidaiŵalika m'chipinda cha tchalitchi china kwa zaka zambiri, kufikira anthu ena adazitulukira. M'chaka cha 2020 zidaonetsedwanso ku London, ndipo pambuyo pake zidaonetsedwa ku Zimbabwe. Anyamata ambiri amene adazijambula adamwalira kale, koma mapepala ao akutiuzabe m'mene midzi ya kwao inkaonekera zaka 80 zapitazo.

Amisiri a ku Mua

Kwathu kuno malo odziŵika ndi luso lotere ndi Mua, m'boma la Dedza, m'munsi mwa mapiri kufupi ndi Mtakataka. Mishoni ya Mua idayambika m'chaka cha 1902 ndi ansembe a Katolika otchedwa White Fathers. M'chaka cha 1976 wansembe wina wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, adatsegula malo otchedwa KuNgoni, kumene anthu a m'midzi yozungulira adayamba kuphunzira kusema ndi kujambula. Zosema za ku Mua zimaonetsa moyo wa kumudzi, nyama, magule, ndi anthu a m'Baibulo okhala ndi nkhope ndi zovala za Chimalaŵi. Zina zili m'matchalitchi a m'dziko muno, zina zidapita ku maiko akunja.

Pa Mua pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Chamare. Pa makoma ake akunja padajambulidwa mbiri ya dziko lathu, ndipo m'katimo muli zithunzi ndi zipangizo zofotokoza miyambo ya Acheŵa, Ayao ndi Angoni. Mlendo akazungulira nyumbayo amaphunzira mbiri ndi maso.

Tisaganize kuti kujambula kudabwera ndi amishoni. M'boma lomweli la Dedza, m'mapiri a Chongoni, muli malo 127 pamene anthu akale adajambula pa miyala. Zithunzi zofiira adajambula ndi Akafula, ndipo zoyera adajambula ndi makolo a Acheŵa. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Makolo athuwo adalibe pepala kapena kamera, komabe adatisiyira uthenga.

Inunso mungathe

Kuti muyambe kujambula sipafunika zipangizo za mtengo wapatali. Pensulo ndi pepala nzokwanira. Khala la pamoto limalemba bwino mtundu wakuda. Katondo wosungunula m'madzi amapereka mtundu wofiira, ndipo njereza imapereka mtundu woyera. Mukathiramo phala lochepa la ufa wa chinangwa, utotowo umamatirira pa pepala. Kamtengo kotafuna kunsonga kamagwira nchito ngati burashi.

Sankhani nyumba yakale ya kwanu, kaya ndi tchalitchi, mzikiti, sukulu kapena sitolo. Musadayambe, pemphani chilolezo kwa eni ake. Nyumba zopemphereramo nzolemekezeka kwa anthu opembedzamo, ngakhale inu mutakhala a chipembedzo china. Musajambule nthaŵi ya mapemphero popanda kuloledwa, musakwere pa makoma, ndipo musalembe dzina lanu pa khoma kapena pa mpando. Munthu nayenso sajambulidwa asadavomere.

Mukaloledwa, khalani pamthunzi pamene mukuiona nyumba yonse. Yambani mwaiyang'ana kwa kanthaŵi, pensulo ili pansi. Kenaka lembani mizere ikuluikulu mopepuka: makoma, denga ndi nsanja. Kuti mudziŵe kutalika kwa mbali ina poyerekeza ndi inzake, tambasulani dzanja mutagwira pensulo, tsinzinani diso limodzi, ndipo yezani ndi chala chachikulu pa pensuloyo. Makomo ndi mazenera abwere pambuyo, mutaŵerenga kuti alipo angati. Potsiriza detsani mbali imene kuli mthunzi. Chithunzi choyamba chikapanda kukoma musataye mtima, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ngati mbale wanu wakubwerekani kamera kapena foni yojambulira, kumbukirani kuti dzuŵa likhale kumbuyo kwanu. Nthaŵi yabwino ndi m'maŵa kapena chakumadzulo, pamene kuŵala kumabwera cham'mbali ndi kuonetsa bwino mizere ya njerwa. Gwirani kamera ndi manja aŵiri kuti isagwedezeke. Jambulani nyumba yonse, kenaka yandikirani mujambule zinthu zing'onozing'ono monga belu, chitseko, kapena mwala wa maziko pamene padalembedwa chaka.

Chinthu chofunika koposa nchakuti mulembe kuseri kwa chithunzi dzina la nyumbayo, mudzi, boma, tsiku, ndi dzina lanu. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imaloŵerera ndi kuononga pepala. Chithunzi chopanda mau ameneŵa chimasanduka ngati mlendo wosadziŵika kwao. Funsaninso akuluakulu kuti akuuzeni amene adamanga nyumbayo, kumene adatenga dothi ndi mitengo, ndi zimene zidachitikapo. Zimene akuuzenizo zilembeni.

Kuonetsa anzathu

Chithunzi chobisidwa m'sutikesi sichiphunzitsa munthu. Zithunzi za ku Mbombwe ndi za ku Cyrene zidatithandiza chifukwa anthu adaziona. Choncho kalasi lanu lingathe kukonza chionetsero. Matani zithunzi zanu pa makatoni, ndipo pansi pa chilichonse lembani mau ochepa ochifotokoza. Zipachikeni pa khoma la kalasi, ndi kuitana makolo, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo kuti adzaone. Mudzadabwa kumva nkhalamba zikukumbukira zinthu zimene zidali zitaiŵalika. Wina adzati bambo wake ndiye adaumba njerwazo, wina adzakumbukira chaka chimene denga lidasasuka.

Poona chithunzi cha mnzanu musamseke. Yambani mwatchula chimene chakoma, kenaka mlangizeni mwaulemu pamene angakonze. Ana khumi akajambula tchalitchi chimodzi, zithunzi zimatuluka khumi zosiyana, chifukwa aliyense amaona chimene mnzake sadachione. Zikaikidwa pamodzi zimafotokoza zambiri kuposa chimodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Chionetsero chikatha, sungani zithunzizo pa malo ouma, kutali ndi chiswe, mphemvu ndi dzuŵa. Zakale zimene makolo akubwerekani muzizigwira m'mphepete ndi manja oyera, ndipo muzibweze kwa eni ake. Zimene zili m'foni zimatayika foniyo ikaonongeka kapena ikabedwa, choncho zabwino koposa nkoyenera kuzitsukitsa pa pepala. Boma nalo limasunga zithunzi ndi makalata akale ku nyumba yosungiramo mbiri ya dziko ku Zomba, ndi zinthu zakale ku nyumba ya Chichiri ku Blantyre. Koma anthu a nchito za boma sangafike m'mudzi uliwonse. Nyumba yakale ya kwanu ikudikira inu amene mumaidutsa tsiku ndi tsiku.

Matanthauzo a mau

*katswiri*: munthu wodziŵa kwambiri nchito yake
*chikombole*: kabokosi koumbira njerwa
*nsanja*: mbali ya nyumba yotalika kuposa denga, m'mene kaŵirikaŵiri mumakhala belu
*chizindikiro*: chinthu chothandiza kudziŵa munthu kapena chinthu china
*kutsanzira*: kuchita chinthu mofanana ndi m'mene wina wachitira
*katondo*: dothi lofiira
*chionetsero*: kuika zinthu poyera kuti anthu adzazione

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimaononga nyumba zakale.
2. Kodi tchalitchi choyamba cha pa Mbombwe chidatha kumangidwa chaka chanji? Nanga chidagumulidwa chifukwa chiyani?
3. Kodi nchito yeniyeni ya Mungo Murray Chisuse idali yotani?
4. Fotokozani kusiyana kwa kamera zakale ndi za masiku ano.
5. Nchiyani chodabwitsa pa anthu amene adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels?
6. Chifukwa chiyani ojambula adapatsa oyera mtima zizindikiro? Tchulani zizindikiro za Petro, Paulo ndi Marko.
7. Kodi Edward Paterson ankaŵauza chiyani ana asukulu a ku Cyrene?
8. Ndi mitundu iti ya anthu imene miyambo yao imafotokozedwa m'nyumba ya Chamare?
9. Tchulani zinthu zisanu zoyenera kulemba kuseri kwa chithunzi.
10. Chifukwa chiyani tiyenera kupempha chilolezo tisadajambule nyumba yopemphereramo?

Miyambi

Perekani matanthauzo a miyambi iyi, ndipo mupange chiganizo ndi mwambi uliwonse:

(a) Kuona maso a nkhono nkudekha.
(b) Pang'onopang'ono ndi mtolo.
(c) Mutu umodzi susenza denga.

Malamulo a chiyankhulo

Sinthani ziganizo izi kuti zikhale mu nthaŵi yam'tsogolo.

Chitsanzo: Amisiri adaumba njerwa. *Amisiri adzaumba njerwa.*

(a) Ana asukulu adajambula pa makoma.
(b) Mphunzitsi adapachika zithunzi m'kalasi.
(c) Makolo adabwera kudzaona chionetsero.
(d) Mphepo idasasula denga la sukulu.
(e) Agogo adatiuza mbiri ya mudzi wathu.

Lembani maina aŵa mochulukitsa: chithunzi, tchalitchi, mzikiti, khoma, zenera, chikombole, mmisiri, msodzi.

Nchito yoti muchite

1. Jambulani nyumba yakale koposa ya m'dera lanu, ndipo mulembe kuseri kwake zonse zimene mwaphunzira mu phunziro lino.
2. Funsani munthu wachikulire za mbiri ya nyumbayo. Lembani chimangirizo cha mizere khumi ndi isanu pa mutu wakuti "Nyumba Yakale ya Kwathu".
3. Pa mapu a Malaŵi pezani malo aŵa: Chiradzulu, Blantyre, Likoma, Dedza ndi Zomba.
4. Mothandizidwa ndi aphunzitsi anu, konzani chionetsero cha zithunzi zanu ndi kuitana makolo.